Tochi Imodzi, Bambo ndi Dimba

Chaka chimene bambo anga anadwala sitiroko, chimanga cha kudimba chinali chitangofika m'chiuno. Ndinali nditabwerera kumudzi kuchokera ku Salima kumene banja langa linathera, ndipo pakhomo tinali awiri basi, iwo ndi ine. Mayi anali atatisiya kalekale. Achimwene anga, omwe ndi okhawo amene ndinabadwa nawo, anali ku Joni pa ntchito ya zomangamanga, ndipo tinkangowamvera pa foni.

Dimba lathu lili kumunsi kwa mudzi, pamene mtsinje umasochera m'mabango usanafike kunyanja. Dothi lake ndi lakuda, siliuma ngakhale mu Okutobala. Vuto lake ndi mvuu. Zimatuluka m'madzi kukangoda, ndipo zikalowa m'munda sizisiya kanthu koti munthu n'kuloza. N'chifukwa chake aliyense wa dimba kumeneko amakhala ndi kamsasa kake, chitini chomenya, ndi tochi. Bambo ankagona mumsasa wawo chilimwe chilichonse kuyambira ine ndisanayambe sukulu. Tochi yawo inali yachitsulo, yolemera, yolowa mabatire aakulu amene iwo ankawatchula kuti miyala. Inali ndi batani limodzi lokankha ndi chala: kutsogolo yayaka, kumbuyo yazima.

Amene anawapeza ndi aneba athu a kudimba, bambo wina wachisilamu amene anali mnzawo kuyambira unyamata. Anali atangomaliza kuswali m'mamawa pamene anawaona atagwa panjira, nkhope itapotokera mbali imodzi, tochi ili m'matope pambali pawo. Tinawatengera ku Mua. Potuluka m'chipatala, mkono wakumanja unkangolendewera, mwendo ankachita kuukoka, ndipo mawu ankatuluka amodziamodzi, movutikira. Tochi ija ndinaitsuka, ndinaiyanika padzuwa, ndinapala dzimbiri ndi mpeni, koma sinayakenso.

Kuyambira pamenepo ndinkafunika malo awiri nthawi imodzi. Bambo ankatha kuyenda ndi ndodo kudzanja lamanzere, koma kukada ankagunda chilichonse, ndipo chimbudzi chathu chili kuseri kwa khola, kudutsa pamizu ya mtengo wa mango. Sankafuna kuti ine, mwana wawo wamkazi, ndiziwaperekeza kumeneko. Ndikanyamuka kuti ndiwagwire, ankagogoda ndodo pansi n'kunena liwu limodzi limene linkatuluka bwinobwino m'kamwa mwawo: "Ayi." Kudimba nako chimanga chinali chitayamba kumasula, ndipo aneba aja ankandiyang'anirira mbali yathu kwinaku akulondera yawo.

"Mwanangu, ine ndikuyesetsa," anandiuza tsiku lina, "koma tochi ndili nayo imodzi, ndipo sifika kwanu. Mvuu zikalowera kumbali ya mabango sindiziona. Pezani yanu."

Achimwene anatumiza kangachepe, kongokwana tochi imodzi yabwino. Tsiku la msika ndinasiya bambo pakhonde ndi madzi akumwa pafupi, ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi ya ku Golomoti.

Thebulo la matochi linali la mayi wina wamtali, wovala chipewa chachimuna, pakati pa ogulitsa maloko ndi ogulitsa zingwe za foni. Nditamufotokozera vuto langa, anatulutsa matochi awiri n'kuwaika patsogolo panga.

"Iyi ndi ya makolo," anatero akukweza yoyamba. Inali yapulasitiki yofiira, yaikulu mutu, ya mabatire, ya batani lokankha ngati ya bambo ija. "Ilibe nkhani. Mwayatsa, mwazimitsa. Mabatire akatha mwagula ena."

Yachiwiri inali yakuda, yaifupi ngati chitsononkho, ndipo inali ndi kachingwe kokolekera m'khosi. Batani lake linali lalabala, lofewa.

"Koma iyi, asisi, imamva. Mumachita kuiuza zochita."

Anadina, inawala kwambiri moti ndinaona kuwala kwake pa ambulera ngakhale anali masana. Anadinanso, inachepetsa mphamvu. Anadinanso, inayamba kuphethira mofulumira. Kenako inatulutsa kuwala kofiira, kenako inalira ngati ambulansi mpaka amayi ogulitsa nsomba anacheuka.

"Zonsezi mukhoza kuzichotsa n'kusiya zimene mukufuna," anatero. "Ndi yotchaja ngati foni. Anthu a m'madimba akuitenga kwambiri. Amaimangirira pamtengo kuti iziphethira yokha, mvuu zimayesa pali munthu."

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndinabisa dzanja lamanja kumbuyo n'kuyesa kuyatsa yofiira ija ndi lamanzere lokha, monga akanachitira bambo. Batani linali lolimba, lofuna chala champhamvu. Yakudayo inkayaka ndi kungoikhudza. Koma ndinkawaganiziranso bambo, munthu amene foni yomwe ankaikana, amene wailesi yawo inakhala pa siteshoni imodzi zaka zonse chifukwa sankafuna wina aipotokole. Ndinatenga yofiira, ndinaibweza. Ndinatenga yakuda, ndinaibweza. Mayi uja anagulitsa chubu cha guluu, anagulitsa mahedifoni, anabwerera kwa ine ndili pomwepo.

Ndinawafulasha achimwene, anaimba, ndinawafotokozera za matochi awiriwo. Kumbuyo kwawo kunkamveka makina osakaniza simenti.

"Ukuchedweranji? Tenga yamakonoyo," anatero.

"Achimwene, bambo aitha? Ili ndi zambiri."

"Si wanena kuti zinazo amachotsa? Tamvera, mlongo wanga. Chawagwetsa bambo n'kugona panja pamphepo zaka zonsezi. Sindikufuna iwenso uyambe zomwezo. Imeneyo izilondera yokha, iwe uzigona m'nyumba."

"Nanga ikakhala kudimba, bambo aziunikira chiyani?"

"Uziona mmene ungachitire. Mwezi wamawa ndiyesa kutumiza ya ina."

Mwezi wamawa chimanga chikanakhala chitakhwima kapena chitadyedwa. Tonse tinkadziwa zimenezo.

Ndinatenga yakuda. Mayi uja anati anditcherere ndisanachoke. Anagwirira batani mpaka tochi inaphethira, n'kudina kangapo, n'kudikira, n'kudinanso, milomo yake ikuwerenga chamumtima. Ndinayesa kutsatira koma zala zake zinali zofulumira.

"Ndasiya ziwiri, kuwala wamba ndi kuphethira. Koyamba yayaka, kachiwiri yaphethira, kachitatu yazima. Koma musamaisiye ithe moto mpaka kufa. Ikafa imaiwala."

Anandipatsa kapepala kopindapinda ka zilembo zing'onozing'ono. Ndinavomera ndi mutu ngati ndamva zonse.

Bambo ndinawapeza pomwe ndinawasiya, atatsamira chipupa, dzuwa litapendeka. Ndinawaika tochi m'dzanja. Anaiyeza kulemera kwake, anaitembenuza, n'kundiyang'ana.

"Yo... pepuka."

"Ndi mmene akupangira masiku ano, Bambo. Koma imawala kuposa ija. Dinani apa."

Dzanja lawo lamanzere silinafe, koma linkanjenjemera pang'ono, ndipo zimenezo sindinaziganizire ndili pamsika. Chala chikafika pa batani chinkagunda kawiri. Tochi inadumpha kuwala wamba n'kuyamba kuphethira, kuwala kwake kukumenya chipupa, nkhope yawo, ndi nkhuku zimene zinkalowa m'khola. Anatsinzina, anapotoza mutu, anadinanso kuti azimitse, koma chala chinagundanso kawiri: yazima, yayaka. Anadinanso, yaphethira. Anaiponya pamphasa.

"Chotsa."

Masiku otsatira ndinkawaphunzitsa masana. Ndinkagwira chala chawo, kuchitsitsa pang'onopang'ono, kuchikweza. Nthawi zina zinkatheka ndipo ankaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Nthawi zambiri sizinkatheka. Munthu amene anandiphunzitsa kupalasa njinga ndi kunola khasu ankandilola kuti ndiwagwire chala, maso atayang'ana kumbali.

Poyamba ndinaganiza zowasiyira iwo tochiyo, ine n'kupita kudimba ndi chitini ndi kafoni kanga ka mabatani, kamene kali ndi kagetsi kumutu. Ndinawakoleka tochi m'khosi dzuwa lisanalowe, ndinanyamuka. Mumsasa sindinagone. Kagetsi ka foni kankangofika pamizere ya pafupi, kupitirira apo kunali mdima ndi kufwenthera kwa mvuu m'mabango. Aneba akamenya chitini chawo ndinkamenya changa, akasiya ndinkasiya.

M'mawa ndinapeza chitseko chili chotsegula pang'ono, tochi ikuphethirabe pansi pafupi ndi khomo, ndodo ili patali. Bambo anali atakhala pansi, atatsamira bedi, atadzifunditsa bulangete mpaka m'khosi ngakhale kunkatentha. Mphasa inali yonyowa. Ndinamvetsa zimene zinachitika popanda kufunsa: anadzuka, anadina, inayamba kuphethira, chizungulire chinawagwira asanatuluke. Ndinatereka madzi, ndinakaitana aneba aja kuti adzawasambitse ndi kuwasintha, ine ndinatenga mphasa kupita nayo kumjigo. Tsiku lonselo sanandiyang'ane kumaso, ndipo phala analibweza.

Ndiye ndinatembenuza: tochi ipite kudimba, ine ndikhale kunyumba. Aneba anandizikira mtengo wautali pakati pa munda, tinaimangirira ndi mphira wa chubu cha njinga, itayang'ana kumabango. Kunyumba tinagwirizana ndi bambo popanda mawu ambiri. Akafuna kutuluka ankagogoda ndodo pachitseko, ine ndinkayenda kumbuyo kwawo ndikuunikira pansi ndi foni. Tikafika pa mango ndinkaika foniyo pa njerwa kuti iunikire khomo la chimbudzi, ine n'kutembenuka. Sanakondwe nazo, koma sanatinso ayi.

Kwa kanthawi zinaoneka ngati zatheka. M'mawa uliwonse ndinkatsika kudimba, kumasula tochi, kukwera nayo kwa bambo wina wa sola amene amatchajitsa mafoni pafupi ndi chigayo, kubwerera kudzaphika ndi kuchapa, masana kukaitenga, madzulo kutsikanso kukaimanga. Miyendo inkawawa koma chimanga chinali chilili, ndevu zake zitayamba kuda.

"Dimba lanu lasanduka rodibuloko ya apolisi," ankatero aneba akuseka. "Usiku wonse phethi phethi. Ine mpaka ndayamba kulota ndikufunsidwa laisensi."

Achimwene atamva anati, "Si ndinakuuza?" Ndipo ine ndinagona tulo tabwino koyamba chibwerere kuchipatala.

Kenako bambo anadwala malungo. Anatentha thupi, ankasanza chilichonse, ndipo ndinathamanga nawo ku Mua kumene anatigoneka. Tochi inatsala pamtengo. Ndinaikumbukira tili kale m'wodi, ndikuyang'ana botolo la diripi. Aneba anaimasula itazima yokha, anakaitchajitsa, koma nditabwerako anandipatsa ataigwira ndi zala ziwiri.

"Yapenga," anatero. "Ndinadina kuti ndiimange, inayamba kulira. Agalu a mudzi wonse anauwa."

Inali itaiwala, monga ananenera mayi uja. Zonse zimene anachotsa zinali zitabwerera. Kuti ufike pa kuphethira unkayenera kudutsa kaye zinazo, ndipo ukapitirira pang'ono ndiye kuwala kofiira ndi kulira kuja. Choipitsitsa chinali chakuti ikaphethira kwa kanthawi inkazima yokha.

Ndinatambasula kapepala kaja. Mbali imodzi inali ya zilembo za Chitchaina, inayo ya Chingerezi. Mawu ake ndinkawadziwa amodziamodzi, koma akaphatikizana sankatanthauza kanthu. Ndinagwirira batani, ndinadina kangapo, ndinadikira, ndinayambiranso. Inkaphethira ngati ikundiyankha, koma sindinkadziwa ngati ndalondola kapena ndawonjezera kuononga.

Tsiku la msika ndinabwerera ku Golomoti. Pamalo pa thebulo lija panali munthu wina akugulitsa nsapato za kaunjika.

"Mayi wa matochi? Anapita kwawo ku Ntcheu," anatero wogulitsa maloko. "Amayi ake akudwala. Sitikudziwa kuti abwera liti."

Ndinazungulira okonza mafoni. Aliyense ankailandira n'kunena kuti izi n'zosavuta, ankadina, ankagwirira, inkalira, anzake ankaseka, n'kuipereka kwa wina. Inayenda m'manja ambiri tsiku limenelo. Womaliza anaipukuta pa malaya ake n'kundibwezera.

"Amayi, izi zimasiyanasiyana. Iliyonse ili ndi kadinidwe kake. Ingogulani ina."

Pa thebulo lina ndinaona tochi yofiira, yofanana ndendende ndi ija ndinaisiya. Ndinangoiyang'ana. Kandalama kamene ndinali nako kanali katathera pa ulendo wa kuchipatala.

Ndinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera minibasi n'kuwafulasha achimwene.

"Ndijambulire vidiyo ndione," anatero.

"Foni yanga sijambula, achimwene."

"Pambali pake analembapo chiyani?"

Ndinawawerengera zilembo chimodzichimodzi. Anafufuza pa foni yawo, anati akuona zofanana nayo zambiri koma osati yeniyeniyo.

"Yesa kudina mofulumira osalekeza."

Ndinayesa. Inalira pakati pa anthu, kondakitala wina anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Achimwene anayamba kunena njira ina koma foni inaduka, ndipo sanaimbenso tsiku limenelo.

Ndinapitirizabe kukaimanga madzulo aliwonse, ndikudziwa kuti izima ndisanatsuke n'komwe mbale kunyumba. Bambo anali ofooka ndi malungo aja, sindikanawasiya okha. Aneba anati azipita kukaidina ikazima, koma ndinawakaniza. Nawonso ndi munthu wamkulu, ndipo kudutsa m'chimanga mumdima mvuu zili pafupi si zinthu zopempha munthu.

"Ndisakunamizeni, mwanangu," anatero titaima pamalire. "Ngakhale tochiyi isanapenge, mvuu zinali zitayamba kuizolowera. Ndinaona imodzi ikudya udzu m'mphepete umo, kuwala kukuimenya pamsana, iyo osatekeseka."

Ndinamanga tochi, ndinaidina mpaka inafika pa kuphethira, ndinakwera kunyumba osacheuka.

Mvuu zinalowa kutatsala pang'ono kuti tiyambe kudya mondokwa. Ndikutsika m'mawa ndinaona aneba ataima atagwira m'chiuno, osandipatsa moni ndili patali monga ankachitira. Munda unali utagona. Mapesi ena anali opondedwa m'matope, ena ozulidwa, ena odulidwa pakati ngati wadutsapo munthu ndi chikwanje. Mapazi a mvuu anali maenje aakulu, madzi atayamba kale kudzazamo. Chotsala chinali kachigawo ka kumtunda, pafupi ndi msasa. Mtengo uja unali chiimire pakati, tochi ili pamwamba pake, yozima, yonyowa ndi mame.

"Ndinamenya chitini mpaka mkono unatopa," anatero aneba. "Zinali zambiri, ndi ana omwe. Pepani, mwanangu."

Sindinalire. Ndinavula chitenje chapamwamba, ndinachiyala pansi, n'kuyamba kutola chimanga chothyoka. Chambiri chinali chanthete, chamkaka wokhawokha.

Bambo nditawauza anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa mtolo umene ndinatula pakhonde. Kenako analoza njinga ya aneba, amene anali atandiperekeza.

"Ndi... kaone."

"Bambo, n'kutali. Simunachire."

Anagogoda ndodo pansi. Aneba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Asiyeni, ndi munda wawo." Tinawakweza pa kaliyala, aneba akukankha njinga, ine nditawagwira kumsana, mwendo wodwalawo ukukwekwereza m'fumbi mpaka ndinachita kuunyamula n'kuumanga ndi mpango. Aka kanali koyamba kufika kudimba chigwere.

Sanatsike. Anayang'ana munda wonse pang'onopang'ono, kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Kenako anakweza ndodo n'kuloza pakona, pafupi ndi chitsa cha mgwalangwa, pamene bango linali litathyoka n'kusiya mpata.

"Pa... pa..."

"Pachiyani, Bambo?"

"Pa..."

Kamwa linkagwira ntchito, misempha ya m'khosi inatuluka, koma liwu silinabwere. Anamenya ndodo pansi, analozanso. Aneba anayang'ana pachitsapo nthawi yaitali.

"Akuti ndi pamene zimalowera," anatero motsitsa mawu. "Iwo ankasonkha moto pamenepo. Ine ndinkauona motowo zaka zonsezi, koma ndinkangoyesa n'chifukwa cha udzudzu."

Bambo anagwedeza mutu kuvomera, misozi ikutsika. Tochi yanga masiku onse aja inkayang'ana mabango a mbali ina. Kaya kuilozetsa pachitsapo kukanasintha kanthu, sindikudziwa. Kaya n'zimene ankafuna kunena madzulo ndikamanyamuka, sindikudziwanso. Ankayamba liwu, linkawakanika, ine ndinkati, "Ndibwera msanga, Bambo," iwo n'kusiya. Kenako tinabwerera kunyumba. Njinga yokha ndiyo inkalira tcheni.

Aneba atakolola chawo anabwera kunyumba ndi dengu la chimanga ndi tochi yawo. Inali yobiriwira, yakale, ya batani lokankha, galasi lake lomata ndi selotepi.

"Mpaka chilimwe chamawa sindiifuna," anatero. "Apatseni anzangawa."

Nkhope ya bambo inasintha ataiona. Anailandira, anaiyeza m'dzanja, anagwedeza mutu kuti iyi ndiye tochi. Anaika chala chachikulu pa batani n'kukankha. Silinasunthe. Anakankhanso, tochi inaterera n'kugwera pamiyendo. Anaitola, anaipanikiza pakati pa mawondo, anakankha ndi chikhatho, inayaka. Anaseka, ifenso tinaseka. Kenako anafuna kuimirira kuti atisonyeze. Anayang'ana ndodo, anayang'ana tochi. Dzanja linali limodzi. Anaika tochi pansi n'kutenga ndodo, anaika ndodo n'kutenga tochi. Ndinabweretsa nsalu kuti ndiwamangirire pachifuwa, koma inali yolemera, inkalendewera n'kumaunikira kumbali, ndipo kuti aizimitse ankayenera kukhalanso pansi. Pomaliza anaipereka kwa aneba n'kunena bwinobwino kuti, "Zikomo."

Kwa masabata angapo ndinali ndikudziimba mlandu kuti ndinasankha molakwa pa thebulo paja. Tsiku limenelo ndinaona kuti ngakhale ndikanatenga yofiira, tikanafika pomwepa. Ndinkayesa kuti zimenezo zindipeputsa mtima, koma sizinatero.

Achimwene anabwera pa Khirisimasi, ataonda, manja atang'ambika ndi simenti. Atawaona bambo analowa m'nyumba n'kukhalamo okha kwa kanthawi. Mawa lake anatenga tochi yakuda ija, anakhala nayo pansi pa mango ndi foni yawo yaikulu, akuonera anthu a kutali akudina matochi ofanana nayo. Dzuwa lisanapendeke anali ataitha. Anachotsa zonse n'kusiya kuwala kumodzi kokha: kudina yayaka, kudina yazima. Anapita nayo kwa bambo akumwetulira.

"Bambo, tsopano yamva. Siphethiranso. Tayesani."

Bambo anaiyang'ana, anaikankha ndi kunja kwa dzanja.

"Ingoyesani kamodzi."

"Ayi."

Achimwene anaima pamenepo ndi tochi m'manja, osadziwa koiika. Madzulo anandifunsa kuti, "Kodi ndinalakwa kukuuza kuti utenge imeneyi?" Ndinawauza kuti ayi, ndipo ndinawafotokozera za tochi ya aneba. Anangoti, "Ndiye tizitani?" Nanenso sindinkadziwa.

Kutacha anapita ku Mtakataka n'kubwera ndi chingwe cha nailoni, cha mtundu umene asodzi amakokera makoka. Anazika mitengo kuyambira pakhomo mpaka pachimbudzi, anamanga chingwecho chofika m'chiuno, anadula mizu yotuluka panjira n'kusalaza pansi ndi khasu. Bambo anaonerera ntchito yonse ali pakhonde. Itatha ananyamuka okha, anatsamiritsa ndodo pachipupa, anagwira chingwe, anayenda mpaka kumapeto n'kubwerera. Usiku umenewo sanagogode pachitseko changa.

Chaka chatsopano chitangolowa achimwene anabwerera ku Joni. Dimba ndinalipereka kwa msuweni wathu kuti azilima n'kumatigawirako, ine ndinayamba kukazinga mandasi pafupi ndi chigayo. Tochi yakuda ndinkaunikira pokanda ufa m'mamawa.

Bambo anakhala nafe mpaka dzinja la chaka chinacho, pamene anatisiya. Mvula ikagwa njira inkaterera, ndipo nthawi zina ndinkapeza matope pa bondo la buluku lawo. Ndikawafunsa ankayang'ana kumbali. Anali atandiletsa kudzuka, ndipo ndinkamvera. Tambala akalira ndinkamva chitseko chawo chikutseguka, kenako chingwe chikukhukhuza pamitengo, phazi limodzi likuponda, linalo likukokedwa. Ndinkagona chagada, maso ali kudenga, mpaka nditamva chitsekocho chikutsekedwanso.